Kamera pa Khonde la Apongozi

Anandisudzula m'nyengo yokolola, mkazi wanga Eneresi atagona m'manda mvula imodzi. Nyengoyo ndikuikumbukira chifukwa cha mikukwe ya chimanga imene inali itaima m'minda. Chaka sindichinena, pakuti sindikuchitsimikiza, ndipo chinthu chimene sindikuchitsimikiza ndimachisiya. Malume ake a Eneresi anayankhula mwachidule pabwalo. Anati ndinali mkamwini wamtendere, ndipo popeza mwana sitinasiye, panalibe chondimangira pamudzipo. Ndinali womasuka kupita kumene ndikufuna ndi kukwatira amene ndikufuna. Apongozi anga, amayi ake a Eneresi, anamvera zonsezi atakhala kuseri kwa nkhokwe, ndipo ine ndinangoona nsonga ya chitenje chawo.

Ndinachoka ndi chikwama chimodzi, ndi chinthu china chimene sichilowa m'chikwama, kuseka kwa Eneresi. Ankaseka mwa njira yakeyake. Kunkayamba ndi kamphepo kotulukira m'mphuno, ngati munthu amene akukana kuseka, kenaka kunkakwera, n'kukathera m'mawu oti "iii, ayi". Chithunzi chake ndinali nacho chimodzi, cha pachiphaso, m'mene anatseka pakamwa ngati ali pamlandu. Mawu ake sanajambulidwe paliponse. Ndinazindikira msanga kuti mawu a munthu amafufutika mofulumira kuposa nkhope yake. Mwezi uliwonse kuseka kuja kunkachepa pang'ono m'mutu mwanga, ngati sopo wosiyidwa m'madzi.

Panali malo amodzi okha pamene kunatsala. Apongozi anga ankaseka chimodzimodzi. Ndinadziwa zimenezi tsiku lina tikadali m'banja, pamene ndinamva Eneresi akuseka kuseri kwa nyumba, ndinazungulira kuti ndimufunse choseketsa, n'kupeza kuti ndi amayi ake. Atandiona anadula kusekako pakati, anatembenuka, ine n'kubwerera chambuyo. Mkamwini ndi mpongozi wake wamkazi sayang'anana m'maso, sadyera pamodzi, akakumana m'njira wina amapatukira kutchire. Choncho chimene ndinkafuna chinali chaching'ono ndiponso chovuta: kumvanso kuseka kumeneko ndi kukusunga pamalo pamene sikungasungunuke, apongozi asanamutsatire mwana wawo.

Tauni yoyamba inali ya msewu umodzi, yokhala ndi chigayo kumapeto kwake. Kumeneko ndinapeza ntchito kwa a Laimoni, ojambula maukwati. Anali ndi kamera yaikulu yonyamula paphewa, yodya tepi, yokhala ndi kanyali kofiira kutsogolo. Kanyaliko kakayaka, anthu ankafa ataimirira. Ndinaona mkwati amene ankavina mpaka fumbi kubuka akuuma mwadzidzidzi, manja m'mbali, chibwano m'mwamba. Ndinaona mayi amene m'mawa womwewo anakalipira ophika onse akulephera kutchula dzina la mwana wake. A Laimoni ankati umenewo ndiye ulemu, chifukwa munthu akaona kamera amakumbukira kuti adzafa, ndiye amafuna kuti adzukulu adzamuone ali wowongoka. Komabe ankawauza anthu kuti amasuke, ndipo akamawauza choncho anthuwo ankaumiratu.

Pakona pa chithunzi kamerayo inkalemba tsiku, koma kabatire kake ka wotchi kanali kakufa, moti maukwati onse a m'tauni imeneyo anachitika tsiku limodzi, loyamba la Januwale. N'chifukwa chake zaka zimenezo sindingathe kuziika mumzere. Ndikudziwa kokha kuti phewa langa lamanja linatsika ndi kunyamula kamerayo, ndipo silinabwererenso.

A Laimoni atayamba kudwala maso anandibwereka kamerayo, ndipo ndinapita nayo kumudzi kwa Eneresi. Ndinatuma mawu kudzera kwa malume aja kuti ndikujambula akuluakulu ndi ntchito zawo. Apongozi anali telala. Ankasoka mayunifolomu a sukulu ndi madiresi pakhonde, ndi makina opalasa ndi mapazi. Anavomera. Anandidikiritsa mpaka dzuwa litafika paliwombo, akusamba ndi kusita, kenaka anatuluka atavala zovala za amayi a kutchalitchi, anaima padzuwa pakati pa bwalo, nayang'ana pansi. Ine ndinaima patali monga ayenera kuimira mkamwini, diso limodzi m'kamera. Ndinawafunsa kuti anayamba liti kusoka. Anati kale. Ndinafunsa ngati amaikonda ntchitoyo. Anati eya. Ndinayesa kuwauza nkhani ya mbuzi imene inadya chophimba kumutu cha mkwatibwi, imene kutauni inkagwetsa anthu ndi phwete. Anati n'zomvetsa chisoni, chifukwa nsalu imeneyo ndi yovuta kupinda. Tepiyo ndikadali nayo. Mumamveka mphepo, tambala, ndi ine ndikupuma.

Ndinapitirira. Panali tauni ya pamlatho, kumene magalimoto aakulu ankachepetsa liwiro koma osaima. Kumeneko ndinapeza kamera yaing'ono yogwira ndi dzanja limodzi, imene mphunzitsi wina wosamuka anaisiya. Ndinayamba kujambula anthu pantchito zawo ndi kuika mavidiyowo pa intaneti, kumene anthu osawadziwa ankawaonera ali m'mayiko ozizira, n'kulemba pansi pake kuti asowa kwawo.

Wokhoma zidebe wina, a Sauzande, anandiphunzitsa osadziwa kuti akundiphunzitsa. Tsiku loyamba anavala jekete, anabisa hamala pansi pa benchi, nayankha chilichonse ndi mawu oti "zili bwino". Tsiku lotsatira ndinabwera osawachenjeza. Ndinakhala panjerwa, ndinamata kanyali kofiira ndi pulasitala, ndinawauza kuti kamera ikujambula koma asasiye ntchito chifukwa mwini ndowa akudikira. Sindinajambulepo munthu mobisa. Hamala itabwerera m'manja, pakamwa panatseguka. Anandiuza za malata abwino ndi oipa, za mmene amadziwira ndowa yodontha poimenya ndi chala, ndi za mkazi wawo woyamba amene anathawa ndi wogulitsa zidebe zapulasitiki. Anati kuthawako sikunawapweteke kwenikweni, chinawapweteka ndi pulasitikiyo.

Kuchokera pamenepo ndinadziwa zinthu zingapo, ndipo ndinaziyesa pa anthu ambiri ndisanazikhulupirire. Kamera ikhale pamsinkhu wa maso a munthu kapena pansi pang'ono, osati pamwamba ngati woweruza. Munthuyo akhale mumthunzi, pampando wake womwe amakhalapo masiku onse. Funso loyamba likhale loti yankho lake ali nalo m'manja. Akasiya kuyankhula, pakakhala zii, usathamangire kufunsa lina, chifukwa mawu enieni amabwera pambuyo pa bata limenelo. Ndipo usamuuze munthu kuti amasuke.

Ndinayenda nazo zimenezi m'midzi yambiri. Midziyo inayamba kufanana. Ndinkalowa m'mudzi watsopano n'kupeza galu yemwe uja atagona pansi pa ngolo yomwe ija. Ndinajambula woumba mbiya, wosema mipini, mayi woweta nkhumba amene ankazitchula mayina a apongozi ake. Onsewa ankaseka pamaso pa kamera yanga, ndipo ine ndinkasunga kuseka kwawo mosamala ngati munthu wosunga katundu wa eni. Nthawi zina m'minibasi ndinkamva kamphepo ka m'mphuno kumbuyo kwanga, ndinkatembenuka, n'kupeza munthu wa chimfine. Masana ena ndinakhala pansi pa mtengo wa bulugama kuti ndiyendetse kuseka kwa Eneresi m'mutu mwanga kuyambira poyamba mpaka pamapeto. Poyamba panalipo. Pamapeto panalipo. Pakati, pamene kunkakwera, panali patang'ambika.

Ndinabwereranso kumudzi kuja. Apongozi anali atayamba kuvala magalasi omangidwa ndi ulusi pakhutu limodzi. Ndinatuma mawu kuti asasinthe zovala, asachoke pamakina, ine ndingokhala pambali. Ndinakhala pansi kumapeto kwa khonde, kamera pabondo, nkhope yanga itayang'ana kubwalo. Ndinawafunsa za ulusi. Anayankha bwino ndithu, kuposa ulendo woyamba, ngakhale ankayankhula ndi nsalu osati ndi ine. Anafotokoza chifukwa chake ulusi wakuda umaduka msanga, ndi mmene amadziwira kuti mwana adzakula kwambiri chaka chamawa poona mapazi ake, kuti amusiyire nsalu yopinda.

Kenaka kunabwera mayi wina kudzatenga diresi lake lovala ku ukwati. Atapisa dzanja m'dengu la zosokedwa, munatuluka thadzi likulira, n'kusiya dzira lofunda pachifuwa penipeni pa diresilo. Amayi amene ankadutsa ndi ndowa pamutu anaima n'kuyamba kuseka mpaka madzi kutayika. Ndipo ndinakamva kamphepo kaja, pafupi, kumanzere kwanga. Koma apongozi anaponda makina mwamphamvu, makinawo anabangula, ndipo anapitiriza kuwapalasa ngakhale pansi pa singano panalibe nsalu. Nditaonera vidiyoyo pambuyo pake, phokoso la makina linali litameza zonse. Ndinaganiza kuti kamera yanga ikadali yaikulu.

Mzinda ndinaufika m'nyengo ya fumbi. Unali ndi misewu yokwera ndi yotsika, ndi masitolo ounjikana pamwamba pa anzawo. M'sitolo ina ya pamwamba, kuseri kwa okonza mafoni, munali Mayi Malikebu, ogulitsa makamera atsopano ndi ogwiritsidwapo ntchito. Ndinawauza zimene ndinkafuna, chimodzi chimodzi. Kamera yaing'ono, yosalira ikamajambula. Yoona bwino mumthunzi wa khonde, kuti ndisawalitse munthu nyali kumaso. Yokhala ndi polowetsa maikolofoni, ndi batire lotha kumwa moto ku pawabanki ikugwira ntchito, chifukwa kumene ndimapita magetsi kulibe.

Ananditulutsira zitatu. Yoyamba inali ngati bokosi la machesi. Anati imeneyo ndi ya anyamata ojambula akuthamanga panjinga, diso lake ndi lotambasuka kwambiri, munthu akayandikira limamukulitsa mphuno. Yachiwiri inali yaikulu, yosintha magalasi, ya chithunzi chokongola, koma anati ndikaitulutsa m'mudzi anthu adzaganiza kuti kwabwera aboma. Yachitatu inali yapakati, yolowa m'thumba la jekete. Inali ndi sikirini yotembenukira kutsogolo, imene anati ndi yothandiza munthu wodzijambula yekha, koma pofunsa wina ndiitseke, chifukwa munthu akadziona nkhope amasiya nkhani n'kuyamba kukonza duku. Diso lake linkatsata nkhope lokha, moti munthu akaweramira kutsogolo kapena kutsamira kumbuyo chithunzi sichinkachita chimbuuzi. Anaonjezapo kamaikolofoni kopanda chingwe kopanira pakolala, kovala ubweya woteteza mphepo. Anati anthu amakhululuka chithunzi choipa koma sakhululuka mawu oipa.

Nditafunsa ngati palibe ina yaing'onopo koma yofanana ndi imeneyo, anandiyang'ana pamwamba pa magalasi awo n'kufunsa ngati ndikufuna kujambula munthu wothawa apolisi. Ndinawauza kuti ndi apongozi anga. Sindinanene za kuseka. Ndinangoti amauma ndikawajambula, ndipo ndayesa zonse.

"Achimwene, mukuchepetsa kamera pamene chachikulu pakhondepo ndi inu," anatero.

Ndinawakumbutsa kuti anandisudzula kalekale, ndipo mwa mwambo sindinenso mkamwini wa aliyense. Anati kusudzula kumamasula ukwati, koma sanamvepo kuti kunamasula khosi la mpongozi. Anaiimika kamera yachitatu ija pa choimikira chake cha miyendo itatu, anailozetsa kwa ine, anayenda kupita kukhomo, n'kundionetsa kuti inkapitiriza kundijambula popanda woigwira. Anati imeneyi sifuna mwini wake pafupi. Ndinaitenga.

Koma kamera yosiyidwa yokha siifunsa mafunso, ndipo ndinayenda nyengo yathunthu ya mvula ndisakudziwa woika pambali pake. Yankho ndinalipeza pamsika wa tauni ina ya m'phiri. Ndinkajambula mayi wogulitsa matimati, wa nkhope yolimba ngati mphero, amene sanamasuke ngakhale ndinachita zonse zimene ndinkadziwa. Kenaka panaima bambo wina wa kabaza, anamutchula kuti mkazi wake wonyansa, nafunsa ngati matimatiwo anawabzala chaka cha njala. Mayi uja anamugenda ndi tomato wowola, anamuyankha kuti njinga yake ndi yokhayo imene inavomera kukwatiwa naye, ndipo nkhope ija inasungunuka. Anali asuweni. Mwana wa malume ako kapena wa azakhali ako ndi munthu amene mwambo umakulola kumunyoza mmene ungathere, popanda mlandu. Mwambo womwe unandiika ine kuseri kwa nyumba unaikanso munthu wina amene apongozi sangamuchitire manyazi.

Eneresi ankatchula a Bisayi, msuweni wa amayi ake, amene ankati akabwera pamudzi ntchito imaima. Ndinawafunafuna m'matauni angapo. Ndinawapeza pa siteshoni imene sitima inasiya kuimapo, akuweta nkhunda m'chipinda chimene kale ankagulitsiramo matikiti. Anali aatali, opanda mano akutsogolo. Nditatchula apongozi, amene iwo ankawaitana kuti Nankhoma, anafunsa ngati akadali onyansa ngati kale. Anali asanaonane chiikireni maliro a Eneresi. Ndinawauza zonse, ndi za kuseka zomwe. Anawaza gaga kwa nkhunda, kenaka anafunsa ngati avale suti. Ndinati ayi.

Tinafika pamudzi m'mawa wa nyengo yozizira. Malume aja anali atamwalira, ndipo nkhokwe inali itagwa. Makina anali pakhonde pomwe paja, atafunditsidwa chitenje. Maso a apongozi anali atasiya kuona pa singano. Apongoziwo anali ataonda, atakhala pamphasa, msana kukhoma. Ndinaima pakona ya nyumba n'kuwapatsa moni ndikuyang'ana pansi. Ndinawafotokozera kuti kamera ikhala patsogolo pawo ikujambula, ine ndichokapo, ndipo akatopa nayo aiponyere nsalu kumaso. Anati palibe kanthu. Ndinaiimika pamsinkhu wa munthu wokhala pamphasa, ndinatseka sikirini, ndinapatsa a Bisayi kamaikolofoni kuti awapanire iwo, chifukwa dzanja langa silikanatha kufika pakolala pa apongozi. Kenaka ndinachoka.

Ndinakakhala kubwalo la mpira la sukulu, kumene mawu a pamudzi safika. Mbuzi zinkadya pakati pa bwalo. Ndinadikira mpaka mthunzi wa mtengo wa pagolo utachoka mbali imodzi kupita ina. A Bisayi anabwera okha, atanyamula kamera ndi miyendo yake ngati akunyamula mwana wodwala. Anandipatsa osanena nthabwala iliyonse, nati akukaona anthu ena kumunsi. Ndinatsegula sikirini, ndinaika zomvera m'makutu.

Poyamba apongozi anakhala chouma, manja pamaondo. A Bisayi sankaoneka, ankangomveka kumbali.

"Nankhoma, ndinamva kuti unamwalira, ndiye ndabwera kudzatenga makinawa."

"Ukanabwera ndi mano ndikanakukazingira chimanga," anayankha apongozi.

Mapewa awo anatsika. A Bisayi anawafunsa ngati akukumbukira chovala choyamba chimene anasoka. Apongozi anati sakukumbukira. A Bisayi anati iwo akukumbukira bwino chifukwa ndiwo anachivala: buluku la mwendo umodzi wautali, wina waufupi, limene anapita nalo kukafunsira mbeta. Anati kuti abale a mtsikanayo asazindikire, anadutsa m'munda mwendo wina uli pamwamba pa mzere, wina pansi, kuyambira kumsewu mpaka pakhomo. Apongozi anati vuto silinali buluku, miyendoyo ndiyo inabadwa yosiyana. Kamphepo kanatuluka m'mphuno mwawo. Anakagwira ndi dzanja pakamwa, anameza, nayang'ana kumbali.

A Bisayi anawafunsa chifukwa chake akumeza kuseka ngati mankhwala owawa. Apongozi anatembenuza nkhope n'kuyang'ana m'diso la kamera. Ine, nditakhala pabwalo la mpira, ndinatsitsa maso mwachizolowezi, ndipo ndinachita kudzikakamiza kuwakwezanso. Aka kanali koyamba kuwaona apongozi anga m'maso.

"Bambo, ndikudziwa chimene mumabwerera kuno," anatero. "Si za ulusi. Inu mumayesa kuti ndimakuchitirani manyazi. Manyaziwo alipo. Koma ngakhale ndili ndekha m'nyumba sindiseka. Ndikaseka ndimamva mwana wanga ali pakhomo, ndiye ndimatembenuka."

Panali zii. A Bisayi, amene sindinawaphunzitse chilichonse, sanathamangire kuyankhula. Nkhuku inadutsa kumbuyo. Patapita nthawi a Bisayi anafunsa ndi mawu otsika ngati zaka zonsezi wakhala akumutsekera kunja mwanayo. Apongozi anapukuta m'maso ndi nsonga ya duku, nati iye sakudziwa kanthu, akhale chete. A Bisayi anavomera kuti sadziwa kanthu. Anati chimene amadziwa n'kufunsira mbeta basi, ndipo popeza Nankhoma akukana mlandu wa buluku, amuonetsa mmene zinayendera.

Analowa m'chithunzi. Anapinda mwendo umodzi wa buluku mpaka pabondo, anaika phazi limodzi pakhonde, lina pansi, n'kuyamba kuyenda m'mbali mwa khondelo mwaulemu waukulu, akuomba m'manja kupereka moni kwa makolo a mbeta osaoneka. Atafika pothera khonde anaima, anayang'ana pansi posowa mzere wina, n'kubwerera chambuyo akupepesa.

Kamphepo kanatuluka. Dzanja linanyamuka kupita pakamwa, koma linafika mochedwa. Kuseka kunakwera, kunakweranso, pakati ponse pamene panang'ambika m'mutu mwanga panali pomwepo, ndipo kunakathera m'mawu aja, "iii, ayi". Kunali ndi kachifuwa ka ukalamba kumapeto, koma kunali komwe kuja. Kenaka apongozi anatembenuza mutu pang'onopang'ono, nayang'ana pakhomo la nyumba. Anayang'anapo nthawi yaitali.

Ndinatseka sikirini. Mbuzi zinali zitasunthira kugolo lina.

Ndinabwerera kukatsanzika dzuwa litapendeka. Ndinaima pakona paja n'kunena kuti ndikupita, ndipo ndathokoza. Apongozi anafunsa ngati chinthucho chagwira mawu. Ndinati chagwira. Anafunsa ngati chimawatulutsanso, kapena mpaka kutauni. Ndinati chimatulutsa pompano. Anati chithunzi asachione, maso awo sangachithe, koma akufuna amve.

Ndinafufuza pamene panali kusekako, ndinachotsa zomvera m'makutu, ndinakweza mawu. Ndinayenda chowerama, ndinaika kamera pamphasa pafupi ndi mapazi awo, ndinadina, n'kubwerera msanga kuseri kwa kona. Ndinatsamira khoma. Kuseka kunatuluka m'kamerayo kuli kwakung'ono, ngati kwa munthu amene ali kuseri kwa nyumba ya oyandikana nawo.

"Bwerezani," anatero apongozi.

Ndinatuluka chowerama, ndinabweza pambuyo, ndinadina, n'kubwerera kukona. Kunamvekanso. Kutatha anati ndibwerezenso, ndipo ndinatulukanso. Ndikutembenuka kuti ndibwerere kumalo kwanga, ndinamva mphasa ikukhwekhwerezeka. Apongozi anali atasunthira kumapeto kwake, nkhope itayang'ana kubwalo.

"Kukonako n'kutali, bambo. Khalani pamenepo."

Ndinakhala m'mphepete mwa khonde, nanenso nditayang'ana kubwalo, kamera ili pakati pathu. Ndinabweza pambuyo, ndinadina.